Kazondedwe ka odwala pa nthawi ya mliri: zimene ndinaphunzira pakhonde la mnzanga

Mu Januwale 2021, sabata imene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinatisiya tsiku limodzi ndi mliri wa Covid-19, mayi wina wa mumpingo mwathu kuno ku Ndirande anagona masiku 9 popanda wa Mvano ndi mmodzi yemwe woponda pakhomo pake. Ine ndinali mmodzi mwa osapondawo, chonsecho nyumba yake ndi yanga zinangolekana ndi mpanda. Pagulu lathu la WhatsApp mavesi ankagwa ngati matalala, aliyense "tikukupemphererani amayi," n'kuikapo timanja topemphera tija. Tsiku lakhumi ndinakumana ndi mwana wake wamkazi wa Sitandade 6 akuchokera kukiyosiki, chigubu cha malita 20 chili pamutu, miyendo ikunjenjemera. Nditamufunsa za amayi ake anangoti, "Aliko, koma makala anatha dzana."

Ndakhala mu Mvano zaka zoposa 20, ndipo ndinkadziyesa katswiri wa kuzonda odwala: kulowa m'chipinda, kukhala pamphasa, nyimbo ziwiri, vesi, pemphero, n'kusiya shuga ndi sopo. Mliri utatseka chitseko cha kuchipinda, ndinaganiza kuti ntchito yonse yatsekeka. Zimene ndikulemba panozi ndi zimene tinayamba kuchita kuchokera tsiku la makala lija, ndipo zambiri tinazibwerezanso pa kolera wa 2022 ndi 2023.

Yambani ndi foni, ndipo imbani, osati kuflasha. Koma samalani kafunsidwe. Mukafunsa kuti "mukusowa chiyani?" munthu wa kuno kwathu akuyankhani kuti palibe, Mulungu akusamala, ngakhale m'nyumba mulibe ndi mchere womwe. Funsani zowerengeka. Ufa watsala wa masiku angati? Makala alipo? Madzi akutunga ndani? Foni mukutchajira kuti? Ngati amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya a BP, a shuga kapena ma ARV, atsala angati, nanga tsiku lokatenga ena ndi liti? Ngati m'nyumbamo muli mwana wozindikira, mufunseninso payekha. Ana sanaphunzire manyazi athuwa, amanena chilungamo.

Kenako sankhani opita, ndipo apa m'pamene tinakangana. Mwambo wathu ndi woti akuluakulu azitsogola, ife achichepere pambuyo titanyamula majumbo. Pa mliri wa chifuwa ngati Covid-19 mwambowu muutembenuze. Okalamba, a shuga, a BP ndi a mphumu akhale kunyumba, chifukwa ndi amene matendawa ankawagwetsa msanga. Amayi athu ena a zaka zoposa 70 anandiyankha kuti, "Mwanawe, ndinayamba kuzonda odwala iwe usanabadwe." Sindinatsutse, n'zoona. Tinawapatsa ntchito ya foni: tinkasonkha n'kuwagulira mayunitsi, iwo n'kumaimbira wodwala aliyense m'mawa ndi madzulo. Anaigwira ntchitoyo mwaluso kuposa tonse, chifukwa munthu wamkulu amamva ndi mawu okha kuti uyu lero sanadye. Opita pakhomo akhale awiri basi.

Tsopano za pakhonde, zimene kwa ine ndiye phata la nkhani yonse.

Chakudya chikhale chofewa ndiponso chochepa. Covid inkalanda anthu fungo ndi kukoma kwa chakudya, moti nsima ya nkhuku inkabwerera osaikhudza, inu n'kumadandaula kuti mwataya nkhuku. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mbatata yophika, nthochi, tiyi wa mandimu, thobwa losasasa, zimenezi zinkatsika. Uzani a m'nyumbamo aike mbale yawo pakhonde n'kubwerera m'kati. Inu khuthulirani chakudyacho m'mbale yawoyo, bakuli lanu libwerere nanu. Madzinso chimodzimodzi: ndowa yawo ikhale panja, inu muzitsanuliramo kuchokera m'chigubu chanu. Makala, machesi, sopo, kandulo, siyani pomwepo. Mukafika kwanu sambani m'manja ndi sopo musanagwire mwana kapena chikho.

Ndipo lembani m'kope kuti Lolemba ndi uje, Lachiwiri ndi uje, mpaka masiku 14 akwane. Popanda kope, tsiku loyamba pakhonde pamadzaza mabakuli asanu, pofika Lachisanu aliyense akuganiza kuti mnzake wapita. Ine ndimakonda nkhani ya Eliya ku mtsinje wa Keriti, pa 1 Mafumu 17. Akhwangwala aja sanalalikire, sanayimbe, ngakhale m'manja sanamugwire. Ankangobwera ndi mkate ndi nyama m'mawa, n'kubweranso madzulo, mawa lake chimodzimodzi. Pagulu pathu tinafika pomaseka kuti, "Lero khwangwala ndani?" Yakobo naye, pamutu 2, sanabise mawu: kuuza mbale wausiwa ndi wanjala kuti apite mumtendere, akafunde ndi kukhuta, osamupatsa kanthu, n'kopanda phindu. Timanja ta pa WhatsApp tija ndinatiwerengera m'gulu lomwelo, ndipo ndinali woyamba kulakwa.

Pemphero lisasowe, koma lichitikire pazenera. Imani panja, mapazi atatu akuluakulu kuchokera pazeneralo, masiki ataphimba mphuno ndi pakamwa, osati atakhala pachibwano ngati ndevu. Ngati mtima ukufuna nyimbo, bwererani mpaka kumpanda n'kuyimbira kumeneko, chifukwa poyimba timalovu timauluka patali kuposa polankhula. Poyamba zinkandiwawa, ndinkaona ngati ndikumunyansidwa mnzanga. Chinanditonthoza ndi Luka 17: akhate khumi aja anaima patali, Yesu anawalankhula ali patali pomwepo, nawatuma kuti akadzionetse kwa ansembe, amene masiku amenewo ndiwo ankayeza khate monga azaumoyo. Mtunda sunalepheretse kanthu. Abusa athu, pokwaniritsa zija za pa Yakobo 5 zoitana akulu a mpingo, ankapemphera pafoni, ife titaikweza mawu n'kuiyandikiza pazenera.

Pemphero likhale lalifupi. Munthu wobanika sangapirire mphindi 20 zoti "Ambuye, Ambuye." Mutchuleni dzina, tchulani ana ake, pemphani mpweya ndi tulo, amen.

Pali mawu atatu amene ndikupemphani kuti muwasiye kunyumba. Oyamba ndi oti "limbani chikhulupiriro," onenedwa mokhala ngati wadwala chifukwa chikhulupiriro chinachepa. Achiwiri ndi oti "munakautenga kuti?" Ophunzira a Yesu anafunsa zofanana ndi zimenezi za munthu wobadwa wosaona, pa Yohane 9, kuti wachimwa ndani, ndipo Ambuye sanawalole. Achitatu ndi Salimo 91 logwiritsidwa ntchito ngati chithumwa. Salimoli ndi lokoma, ndimalidziwa pamtima, ndipo limanenadi za mliri woyenda mumdima. Koma ndinaona anthu akuvula masiki n'kumati mliri sudzayandikira hema wawo. Kumbukirani kuti pa Mateyu 4 Satana anatenga Salimo lomweli pouza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi, ndipo Yesu anayankha kuti Mulungu sayesedwa. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 oyamba aja pamene anangokhala chete. Zinaipa atatsegula pakamwa.

Muli pazenerapo, maso ndi makutu zigwire ntchito. Kodi akutha kumaliza chiganizo osapumira pakati? Akutha kuyenda kupita kuchimbudzi? Ngati akubanika atangokhala, chifuwa chikumuthina, akusokonezeka mutu kapena akungogona osadzutsika, siyani zonse, akufunika kuchipatala tsiku lomwelo. Masiku amenewo pafupifupi nyumba iliyonse inkafukiza masamba a bulugama, n'kumamwa jinja, adyo ndi mandimu. Nanenso ndinafukiza, ndipo mphuno zinkatsekukadi. Koma mpweya ukachepa m'magazi, nthunzi ya bulugama siubwezera, pamafunika okosijeni wa kuchipatala. Anthu ankaopa, mphekesera zili ponseponse zoti wopita kumeneko sabwerako, chonsecho ambiri ankapita mochedwa kale. Musakangane ndi wodwala wamantha. Muuzeni kuti, "Tiyeni, ine ndikutsatirani, ana ndiwaona." Ife tinkaimba kaye pa 54747, imene nthawi imeneyo inali nambala yaulere ya Chipatala cha pa Foni, ndiponso tinkasunga kandalama ka galimoto pa Mpamba kapena Airtel Money ya msungichuma, kuti usiku tisayambe kugogoda m'makomo kufuna ngongole.

Pa kolera kusiyana kwake n'koti mdani ali m'madzi, m'chakudya ndi m'manja, ndipo nthawi ndi yochepa kwambiri. Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, msungunulireni Thanzi m'madzi otetezedwa azimwa muli panjira yopita kuchipatala. Pemphero mupempherere m'galimoto. Kunyumba kwake pitani ndi klorini ndi sopo, ndipo zovala ndi zofunda zake musachapire kumtsinje.

Za maliro ndinena mwachidule. Mu Ogasiti 2020 boma litaletsa kusonkhana anthu oposa 10, n'kulola 50 pamaliro, atsogoleri a mipingo anadandaula kwambiri, ndipo tonse tinkakamba za Lamulungu. Chimene sitinachiganizire ndi namfedwa. Maliro n'kulirana, paja, koma awa anali maliro opanda kugona pasiwa, opanda nkhuni za anansi, mwambo wa maola ochepa anthu n'kubalalika. Chipepeso tumizani pafoni tsiku lomwelo, inde. Koma lembaninso m'kope muja tsiku la sabata yachitatu, pamene achibale abwerera kumudzi, nyumba yangoti zii. Pitani tsiku limenelo, khalani pabwalo motalikirana, mulekeni afotokoze mmene zinayendera ngakhale abwereze katatu.

Chomaliza ndi pakamwa pathu. Musalengeze matenda a munthu pagulu kapena m'tchalitchi iye asanavomere. Mufunseni: "Tiuze anzathu, kapena zikhale pakati pathu?" Akakana, lembani m'kope mayina a anthu atatu odalirika basi, enawo angomva kuti pali wofooka. Ndikunena izi chifukwa ndinaona zimene kusalana kumachita. Mwana wa chigubu uja, nkhani ya matenda a mayi ake itamveka, amayi a pakiyosiki ankasuntha zigubu zawo akafika, ena n'kumuuza kuti abwere anthu akatha. N'chifukwa chake ankatunga madzi dzuwa lili paliwombo. Mmodzi mwa osuntha zigubuwo ndinkakhala naye benchi limodzi Lachinayi lililonse, titavala zoyera.

Choncho ntchito siitha tsiku limene wodwala wadzuka. Mnzanga wodwala uja amakazinga mandasi, ndiyo bizinesi imene imalipira lendi ndi mayeso a ana. Atachira, azaumoyo atamuuza kuti atha kutuluka, anakazinga beseni lodzaza n'kukakhala pamalo pake pamsewu. Tsiku loyamba anabwerera nalo beseni lonse. Lachiwiri chimodzimodzi, mpamba ukuthera m'mafuta ndi ufa. Anthu ankadutsa chapatali, ena n'kumapereka moni wa dzanja ali tsidya la ngalande.

Lachinayi lotsatira tinapangana amayi asanu ndi mmodzi. Tinavala yunifolomu yonse, duku loyera ndi masiki, n'kupita nthawi ya m'mawa pamene ana a ganyu ndi akabaza amadzaza pamsewupo. Tinaima pamzere motalikirana, aliyense n'kugula awiri. Ine ndinatsitsa masiki, n'kudyera pomwepo anthu akuona, mafuta akuyenderera m'zala. Wakabaza wina anaimitsa njinga, natiyang'ana kanthawi, kenako anapisa m'thumba.

"Amayi, mundipatseko atatu. Akhale otentha."