Momwe Mungadziwire Ngati Kutsitsa Mphamvu ya Kwacha ndi Sabuside pa Malamulo a Malonda a Mayiko

Banki Yaikulu ya Reserve itatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene amatulutsa soya, nyemba kapena mtedza kudzera pa chipata cha Dedza ndi cha Biriwiri ku Ntcheu adayamba kulandira makwacha ochuluka pa dola iliyonse imene asintha kubanki. Kodi dziko logula katunduyo linganene kuti boma lathu lawapatsa sabuside, n'kuwaikira msonkho wowonjezera? Yankho mulifufuze m'pangano lokhudza sabuside la WTO, bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko, pangano lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 1995, chaka chimenenso Malawi idalowa m'bungweli.

Yambani ndi ndime 1 ya panganoli, ndipo dzifunseni ngati boma kapena nthambi yake yatulutsa chuma: ndalama, ngongole, katundu, kapena msonkho umene likadatolera koma laukhululuka. Feteleza wotsika mtengo amene mlimi amakagula kudepoti ndi woonekeratu, popeza boma limalipira gawo la mtengo wa thumba lililonse. Kulengeza mtengo watsopano wa dola n'kosiyana, chifukwa wamalonda amasintha ndalama zake kubanki ya malonda ndipo mosungira chuma cha boma simutuluka kanthu kopita kwa iye.

Kenaka onani ngati wolandirayo wapeza phindu loposa limene msika ukadampatsa. Apa muyerekeze mtengo wa boma ndi mtengo weniweni wa kwacha, ndipo mudzaona kuti kwathu kuno nkhaniyi imakhala yozondoka: kawirikawiri mtengo wa dola kubanki umakhala wotsika kuyerekeza ndi wa osintha ndalama m'misika ya m'malire ngati Lizulu ndi Tsangano. Wotumiza katundu kunja amene wasintha madola ake pa mtengo wa boma ndiye kuti akuluza, ndipo kutsitsa kwacha kumangochepetsako kuluzako. Mayiko amene amatsutsidwa pa nkhaniyi, monga China, amanenedwa zosiyana, zoti amasunga dala ndalama yawo pa mtengo wotsika kuti katundu wawo atchipe kunja.

Funso lachitatu, la m'ndime 2, ndilo lofunika kulipatsa nthawi yambiri. Kuti dziko logula liike msonkho wowonjezera, thandizo liyenera kukhala lolunjika kwa kampani inayake, gulu la makampani kapena dera linalake. Mtengo wa ndalama umakhudza aliyense: wogulitsa soya, mayi wolandira thandizo kuchokera kwa mwana wake ku Johannesburg, mlendo wodzaona zojambula zakale za m'mapanga a ku Chongoni. N'chifukwa chake, m'kuona kwanga, kutsitsa kwacha kwa anthu onse nthawi imodzi n'kovuta kukutcha sabuside. Chenjerani pokhapo pamene boma laika mtengo wapadera wa dola kwa otumiza katundu kunja okha, kapena lawalola kusunga madola m'njira yowapatsa bonasi, pakuti mndandanda wa zitsanzo za sabuside zoletsedwa m'panganoli umatchula njira yoteroyo. Ngakhale apo, ndime 27 imamasula mayiko osaukitsitsa, kuphatikizapo Malawi, ku chiletso cha sabuside ya katundu wopita kunja, ngakhale kuti dziko logula likhoza kuikabe msonkho litasonyeza kuti makampani ake avulazidwa.

Musaiwale kuona amene ali ndi mphamvu yoweruza. Ndime 15 ya GATT, pangano lina la WTO lokhudza misonkho ndi malonda a katundu, imalamula kuti pa nkhani za kusintha ndalama bungwe la WTO lizifunsa IMF, bungwe loona za ndalama padziko lonse, ndipo malamulo a IMF ndiwo amaletsa dziko kuseweretsa mtengo wa ndalama yake pofuna kupondereza anzake pa malonda.

Pomaliza, fufuzani lamulo la dziko limene mukugulitsako, chifukwa mayiko sawerenga panganoli mofanana. Mu 2020 unduna wa zamalonda wa ku America udakhazikitsa lamulo lolola kuti ndalama yotsitsidwa mopitirira muyeso ionedwe ngati sabuside, potenga onse ochita malonda ndi mayiko akunja ngati gulu limodzi, ndipo mu 2021 udaligwiritsa ntchito pa matayala a galimoto ochokera ku Vietnam. Choncho kopaletivi imene ikufuna msika wakunja izisunga makalata akubanki osonyeza mtengo umene idasinthira madola ake pa katundu aliyense, ndipo ifunse ku unduna wa zamalonda ku Lilongwe isanasaine kontirakiti.