Kalawidwe ka mowa osamunyoza wofulula

Ambirife tikapatsidwa mowa timangogugudiza kenako nkuyamba kuweruza ngati ma jaji, koma kulawa kuli ndi njira yake.

Poyamba dziwani kaye kuti mukumwa chani. Masese si Green ndipo Chibuku si Kuche Kuche. Munthu amalawa masese nkumati "eee koma ndi phala ili", aaa achimwene, masese ndi momwemo, ndi chimanga ndi chimera ndiye mumafuna aziwala ngati wa m'botolo? Wa m'botolo uja amasefedwa ku fakitale, Carlsberg anatsegula yawo ku Blantyre mu 1968 pano ili m'manja mwa Castel, pomwe masese amafululidwa ndi amayi kuseri kwa nyumba masiku angapo, utsi uli m'maso.

Mukafika pa mowa wa kumudzi musathamangire chipanda. Perekani moni, khalani pansi. Mwini mowa amayamba ndi iye kumwako pang'ono kuti muone zoti mulibe kanthu koipa, kenako akulu, inu pambuyo. Landirani ndi manja awiri. Zungulizani pang'ono kuti zokhala pansi zisakanikirane, nunkhizani koma osachita kukwinya mphuno anthu akuona. Fungo la chimera ndi kuwawasa pang'ono ndi bwino, likamamveka ngati viniga ndiye kuti wapitilira. Imwani pang'ono, musunge mkamwa kaye musanameze. Ukatsekemera kwambiri ngati thobwa sunapse, wakupsa bwino umaluma lilime pang'ono kenako kutentha pachifuwa.

Chibuku naye amapitiliza kuwira mu paketi momwemo, n'chifukwa chake wa lero amakhala wotsekemera ndi wofatsa koma pakapita masiku awiri atatu amawawasa mphamvu nkukwera. Khutchumulani musanatsegule, ndipo musanamunene funsani kuti wabwera liti. Wa m'botolo thirani mu tambula muone thovu, ndipo ngati kreti inakhala padzuwa musanyoze mowa, dzuwa limaononga fungo.

Tsono pakamwa apa. Ngati sunakukomereni osakuwa pagulu kuti mowa wanji uwu, mayi aja mwina fizi ya ana ikudikira mbiya imeneyo. Ingonenani kuti "amayi zikomo, koma ine ndimakonda wakupsa kwambiri, ndidzabwera mawa", iwo amva okha. Ukakoma nenani chimene chakoma, kuti chimera chamveka kapena asefa bwino.

Ndipo kulawa kumatheka pa chipanda choyamba ndi chachiwiri basi, chachisanu lilime limakhala litagona kale.