Galu Akauma Miyendo Atathamanga Padzuwa, Yang'anani Mkodzo Wake

Miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuno ku Chikwawa ndi Nsanje kutentha kumadutsa madigiri 40. Ife timatuluka thukuta thupi lonse, koma galu amadalira kwambiri kuwefuka, lilime panja. Ndiye taganizani galu amene watha miyezi akungogona pakhonde, lero walondola njinga kuchoka ku Ngabu mpaka ku Nchalo, kapena watandala kupirikitsa anyani m'munda wa mapira. Madzulo mumupeza msana wapindika, miyendo yakumbuyo yauma gwa, mukamugwira m'ntchafu akulira.

Ambiri amati watopa chabe. Ena amafika poganizira anansi. Chimene chachitika n'chakuti minofu yagwira ntchito mopyola mphamvu yake, madzi m'thupi ali ochepa, mpaka yayamba kuwonongeka. Zotuluka m'minofumo zimalowa m'magazi n'kukathera ku impso, ndipo mkodzo umasanduka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Impso zikalephera, galuyo amafa patangopita masiku ochepa, mwini wake akudabwa kuti miyendo inaphetsa bwanji galu.

N'chifukwa chake ndimati musangoyang'ana miyendo. Dikirani akodze, muone mtundu wake.

Mukaona wayamba kuuma, musamukakamize kuyenda. Munyamuleni mumuike pamthunzi. Muthireni madzi a pamjigo pamimba, m'khwapa ndi kumapazi, uku mukumukupiza. Chiguduli chonyowa musamufunditse, chimatsekera kutentha m'thupi. Akumwa mupatseni pang'onopang'ono, koma ngati wakomoka musamutsanulire m'kamwa, angatsamwe.

Apa ndiye ndidandaule. Eni agalu ambiri, pomumvera chisoni, amathamangira kugolosale kukagula Brufen kapena Panado. Brufen amazunza impso zomwe zavulala kale, amaboolanso chifu cha galu. Panado akachuluka amawononga chiwindi. Mankhwala a anthu asiyeni m'nyumba. Mkodzo ukada, kapena galu akasiya kukodza, pitani naye kwa alangizi a ziweto tsiku lomwelo, chifukwa amafunika madzi a diripi.

Si kuuma konse kumabwera ndi kuthamanga. Galu wa bala amene nsagwada zake zagwirana akhoza kukhala ndi kafumbata. Wa nkhupakupa zambiri, nkhama zoyera mbee ndi mkodzo wofiira, akhoza kukhala ndi matenda a nkhupakupa. Amene akutuluka dovu, wasintha khalidwe, miyendo ikulefuka, musamugwire n'komwe: mutsekereni, muitane alangizi, chikhoza kukhala chiwewe. Kulinso agalu achizungu ngati Scottish Terrier amene kuuma akathamanga amabadwa nako, koma kuno simungawaone kawirikawiri.

Anyamata okabusa mbuzi, galu wanu azimwa musananyamuke, ndipo dzuwa likafika paliwombo azipuma nanu pansi pa bwemba. Amene wakhalitsa osathamanga muyambitseni ndi timaulendo tatifupi ta m'mamawa, n'kumaonjezera mtunda sabata ndi sabata.