Momwe mungayambitsire thumba la ulendo wa kuchipatala m'mudzi mwanu

Ku chipatala cha boma salipiritsa, koma wa kabaza amalipiritsa, ndipo usiku mtengo wake umakhala wina. N'chifukwa chake mwana amagona ndi malungo masiku awiri bambo ake akusaka wogula nkhuku. Kwathu tinayambitsa thumba la mudzi lolipirira ulendo wokhawo, ndipo mayambidwe ake ndi awa.

Yambani ndi afumu, kenako mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu. Afumu akapanda kuimva nkhaniyi poyamba, aliyense aziti ndi bizinesi ya amene mwaibweretsa. Mlangizi ndiye amadziwa amayi oyembekezera, ana a ku sikelo ndi amene amakatenga mankhwala mwezi ndi mwezi. Ngati komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ilipo kale, idzutseni yomweyo. Komiti yatsopano imangobala nsanje ndi mafunso a alawansi.

Ndalama zikhale pazokha. Ambiri amafuna kuziphatikiza ndi za banki m'khonde poti bokosi ndi maloko zilipo kale. Bokosilo bwerekani, koma thumba likhale lina ndi kope lake, chifukwa ndalama yabwerekedwa kukaoda tomato siibwera pakati pa usiku. Ife tinayamba ndi K1,000 pa banja pamwezi. Inu onani mtunda wanu. Mu Januwale ndi Febuluwale musaumirize anthu, m'nyumba mulibe kanthu. Lolani kuti pokolola azipereka chimanga kapena mtedza wolipirira miyezi ingapo, ndipo musathamangire kugulitsa kwa mavenda a sikelo zofinya aja. Agogo olera ana amasiye alembeni ngakhale asapereke. Amene ali pa Mtukula Pakhomo aziponya tsiku lomwe alandira.

Tsopano mgwirizano ndi wonyamula odwala, pomwe pamagwa ambiri. Ife tinapangana ndi mnyamata mmodzi wa njinga yamoto, mtengo tinaulemba m'makwacha, tinamupatsanso ya miyezi yakutsogolo kuti asatithawe. Zinayenda mpaka Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti ndipo petulo anakwera. Usiku wina mayi wina matenda atamuyamba, foni ya mnyamatayo inangoitana. Atamugogodera, anayankhira pawindo kuti: "Amfumu, mtengo uja unali wa kale, komanso m'thanki mulibe dontho." Mayiyo anapita pa ngolo ya ng'ombe, mwamwayi anakafika. Ndalama zathu zakutsogolo sizinabwerenso.

Ndiye chitani motere. Choyamba, mtengo wa ulendo muulembe m'malita a petulo, kuphatikiza kangachepe ka woyendetsa. Petulo akakwera, mtengo umadzikwerera wokha popanda mkangano wa pawindo. Chachiwiri, pangananani ndi anthu atatu, osati mmodzi, ndipo mmodzi akhale wa tsidya lina la mtsinje ngati mudzi wanu umadulidwa ndi madzi m'dzinja. Chachitatu, malipiro ndi pofika basi. Msungichuma atumize pa Airtel Money kapena Mpamba wodwala akangofika, ya kutapa muiwerengeretu kuti asadzadandaule. Chachinayi, sungani malita asanu anuanu m'chigubu chotseka bwino, kunja kwa nyumba yogona, kutali ndi khitchini ndi ana. Mugule pa filingi siteshoni ngakhale mzere utalike. Wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu ena amasakaniza ndi parafini, njinga imakazima pa chitunda muli ndi wodwala kumbuyo. Mgwirizano wonse usainidwe pamaso pa afumu, ndipo woyendetsa amene fungo la kachasu limamutsogolera musamulembe ngakhale atakhala mphwanu.

Njinga yamoto siinyamula aliyense. Mayi amene akutaya magazi kapena munthu wokomoka sangakhale pampando. Apa pamafunika njinga ya ambulansi, ija yokoka kabedi, kapena galimoto ya wina wa pa tireding'i amene mwagwirizana naye kale. Mukamawotcheretsa kabediko, kagwireni nokha mapaipi ake musanalipire. Owotcherera ena amaika chitsulo chopyapyala n'kupaka penti yambiri. Matayala ogwiritsidwa kale ntchito akaneni. Nambala ya chipatala chanu chaching'ono ikhale nayo komiti, chifukwa a kuchipatalako ndiwo amaitana ambulansi ya ku boma, ngakhale nayonso nthawi zina imasowa mafuta.

Ngati chapafupi ndi cha mishoni, cha CHAM, pitani mukafunse kwa oyang'anira ngati ali ndi mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera ndi ana akhanda azithandizidwa mwaulere. Zipatala zambiri za CHAM zili nawo, koma zimasiyana pa zimene zalowamo, ndiye funsani chimodzichimodzi n'kulemba. Kudziwa zimenezi kokha kumapulumutsa ulendo wautali.

Kumbali ya amayi oyembekezera, ulendo wotchipa ndi wa masana, wopita ku chidikiro masiku asanakwane. Chimene chimawabweza amayi kumeneko ndi chakudya, poti chimachokera kunyumba. Thumba lizipereka ufa pang'ono, nyemba ndi nkhuni kwa mayi ndi womudikirira. Ndi zotchipa kuposa ulendo wa usiku, komanso kuposa chindapusa cha mbuzi chimene mafumu ena amalamula munthu akachilira pakhomo.

Zotsalazi n'zosavuta. Ana osakwana zaka zisanu ayambe aonedwa ku kiliniki ya m'mudzi ya mlangizi ngati ilipo. Mukakayika, imbani Chipatala cha pa Foni, kumene amapereka malangizo a zaumoyo pa foni; nambala yake mufunse kwa mlangizi. Manambala a oyendetsa alembedwe pa khomo la tchalitchi, mzikiti ndi pa chigayo. Kope liziwerengedwa pagulu mwezi uliwonse, makiyi kwa anthu atatu, ndipo wodwala asaiwale buku lake la kuchipatala.