Kawerengedwe ka Buku la Nthano za Asamurai Lomwe Nkhani Zake Sizikoma Mofanana

Bukuli ndinaligula pa mulu wa mabuku a kaunjika pafupi ndi msika wa Mzuzu, mu June chisanu chitalimba. Linali ndi nkhani zazithunzi zisanu ndi zitatu, iliyonse ndi wojambula wakewake, zonse za asamurai (ankhondo akale a ku Japan) ndi mizimu. Usiku womwewo ndinalimaliza nditafunda bulangete kwathu ku Chibavi, ndipo ndinagona wokhumudwa. Nkhani zosakoma zinandiiwalitsa zokoma. Nditalibwerera patapita milungu iwiri ndi pamene ndinapeza njira yomwe ndikufuna kukuuzaniyi.

Musanawerenge mawu aliwonse, onetsetsani mbali yomwe bukulo likuyambira. Manga, omwe ndi mabuku a nkhani zazithunzi a ku Japan, amawerengedwa kuchoka kumanja kupita kumanzere, masamba ngakhalenso timabokosi ta zithunzi. Mukasokoneza apa, muona munthu atagwa lupanga lisanasololedwe.

Kenako vundukulani masamba a buku lonse mukungoyang'ana zithunzi. Wojambula waluso amadziwika nkhani isanayambe: mumatha kuona amene waima kuti, amene akuopa, ndi komwe lupanga lalowera. Pa nkhani ziwiri za m'buku langa, ndewu inali mizere yokhayokha yodzaza tsamba, osadziwika mutu ndi uti, mwendo ndi uti. Zotere muziikire chizindikiro cha pensulo, mudzaziwerenge pomaliza.

Musawerenge zoposa nkhani imodzi tsiku limodzi. Apa ndimalimbikira kwambiri. Ojambula asanu ndi atatu ndi anthu osiyana, ndipo kuwamva onse nthawi imodzi kuli ngati kusakaniza usipa, nyemba ndi chisoso mu mbale imodzi.

Chomwe chinasintha kwambiri kawerengedwe kanga ndi kudziwa pang'ono za asamuraiwa. Nthano zambiri zotere zimachitika m'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, pamene banja la Tokugawa linkalamulira Japan nkhondo zikuluzikulu zitatha. Msamurai ankalandira malipiro ake mu mpunga kuchokera kwa mbuye wake, daimyo, ndipo muyeso wake unkatchedwa koku, womwe ankati ndi mpunga wodyetsa munthu mmodzi chaka chathunthu. Mbuye akafa kapena akalandidwa dziko, msamurai ankasanduka ronin, wopanda womutumikira ndi wopanda mpunga. Ena ankapeza chakudya pomata mapepala pa maambulera. Mu 1876 boma linawaletsa kuyenda ndi malupanga poyera. Mukadziwa izi, munthu wovala nsanza amene akukana kugulitsa lupanga lake mumamumvetsa, chifukwa tonse tinaonapo bambo amene ntchito inatha koma tayi sakuvula.

Za mizimu nazonso zili ndi malamulo ake. Kitsune ndi nkhandwe yomwe imadzisandutsa munthu, kawirikawiri mkazi. Kappa amakhala m'mitsinje ndipo ali ndi kambale ka madzi pamutu. Akawerama popereka moni madzi amatayika, mphamvu zake n'kuthera pomwepo. Muziyesa nkhani ndi muyeso umenewu: kodi chilombocho chili ndi khalidwe lake, kapena angochiika kuti mnyamata wa lupanga apeze chodula? Nkhani yomwe ndimaikonda kwambiri m'buku langa ili ndi masamba khumi ndi awiri okha. Ronin wokalamba akugawana mpunga wake wotsiriza ndi mayi amene iye akudziwa bwino kuti ndi nkhandwe, ndipo palibe amene akuulula. Lupanga silituluka m'chimake mpaka kumapeto. Ndinaiwerenga kanayi.

Zomwe munaziika chizindikiro zija muzipatse mwayi umodzi, masamba asanu. Ngati pofika pamenepo simukusamala zoti munthuyo afa kapena apulumuka, dumphani osadziimba mlandu. Koma musang'ambe tsamba kapena kulembapo ndi bolopeni, poti mabuku otere ku Mzuzu kuno sapezeka wamba ndipo wina adzalifuna.

Pomaliza, libwerekeni kwa munthu wina osamuuza zomwe munakonda. Langa ndinapatsa mphwanga amene amaphunzira ku Luwinga. Atabweza anati, "Achimwene, ya nkhandwe ija ndiyozizira, koma yachisanu ija ndiye nkhani." Yachisanuyo ndi imodzi mwa zomwe ndinazidumpha. Ndinakhala naye pakhonde tikumwa khofi, iye akundilozera kabokosi ndi kabokosi mmene wojambulayo anabisira nkhope ya mdani mpaka tsamba lomaliza, chinthu chomwe ine sindinachione konse.