Kasungidwe ka logbook yapafoni kwa amene mukuphunzira kuyendetsa ndege

Abale amene mwapita ku Joni kukaphunzira za ndege, kaya ndi ku Lanseria, Wonderboom kapena Grand Central, dziwani kuti maola omwe mwauluka ngati sanalembedwe bwino ndi kusainidwa ndiye kuti kulibe. Mutha kulipira ndalama zankhaninkhani koma a SACAA, bungwe loyang'anira za ndege ku South Africa, sawerenga malisiti, amawerenga logbook, buku lolembamo maola omwe mwauluka. Ndipo logbookyo ndi yanu, si ya sukulu ayi. Sukulu ili ndi fayilo yakeyake momwe instructor amalembamo ma exercise ndi mmene mwachitira, koma mawa ikatseka kapena mwasemphana nawo pa za fizi mukufuna kusamukira kwina, chomwe munyamule mosavuta ndi chanucho basi.

Yambani ndi kusankha apu. ForeFlight ili ndi logbook mkati mwake koma ndi yolipira ndipo imafuna iPhone kapena iPad, LogTen nayonso ndi ya zinthu za Apple. MyFlightbook ndi yaulere, imagwira pa Android ndi pa iPhone pomwe, kwa mwana wasukulu amene ndalama yonse ikuthera ku mafuta a ndege ine ndingati yambirani pamenepo. Google Sheets imathekanso ngati mafomula mumawatha. Musanalembemo kanthu onani kaye ngati apuyo imatulutsa CSV (fayilo yotsegula mu Excel kapena Google Sheets) ndi PDF, ikakhala kuti siitulutsa isiyeni. Akaunti tsegulani ndi imelo yanu osati imene mwapatsidwa ndi sukulu, imene ija amatseka mukangochoka.

Mukatera lembani pompo, musanavule ndi headset yomwe ngati nkotheka, zoti ndilemba Loweruka zija ndi zomwe zimasokoneza anthu. Pa ulendo uliwonse pakhale deti, mtundu wa ndege monga C172 kapena P28A, registration yonse (za ku Joni zambiri zimayamba ndi ZS, zakwathu 7Q), kochokera ndi kotera m'makodi a ICAO, a zilembo zinayi oimira bwalo la ndege, FALA ndi Lanseria, FAWB ndi Wonderboom, ngati mmene Chileka ilili FWCL ndipo KIA ndi FWKI. Kenako mugawe nthawi: dual (muli ndi instructor), solo (muli nokha), usiku, cross-country (ulendo wopita kutali ndi bwalo lanu), instrument (kuuluka modalira mamita a m'ndege), ndi kuti mwatera kangati. Maola a simulator akhale pa kolamu yawo, osasakaniza ndi a m'ndege.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa nambala za Hobbs, mita ya m'ndege yowerenga maola omwe ndege yagwira ntchito. Mita ija imawerenga ola m'magawo khumi, ndiye 0.1 ndi mphindi 6. Mukaona 1.3 si ola ndi theka ayi, ndi ola limodzi ndi mphindi 18, theka ndi 0.5. Munthu akamalemba lero 1.3 mawa 1:30 pa kolamu imodzimodzi, pofika maola 40 ma total ake sagwirizananso ndi a sukulu ndipo kuti apeze pomwe zinasiyanira amakhala usiku wonse ndi kalkuleta. Sankhani kalembedwe kamodzi mu settings tsiku loyamba, kofanana ndi komwe sukulu yanu ikugwiritsa ntchito. Jambulani Hobbs ndi foni musanalize injini ndiponso mukazimitsa, zithunzizo muziphatike pa ulendowo mu apu. Za nthawi nazonso, ndege zimayendera UTC, nthawi imodzi ya dziko lonse lapansi, ndipo Joni ngati kwathu komwe ili patsogolo ndi maola 2, ndiye 08:00 pa wotchi yanu ndi 06:00 m'buku.

Kolamu ya remarks musamaisiye yopanda kanthu. PPL (laisensi youlukira pawekha) ya ku South Africa imafuna maola osachepera 45, CPL (laisensi yogwirira ntchito yolipidwa) 200, koma examiner sangoyang'ana total, amafufuza ngati munapangadi solo cross-country ya 150 NM (nautical miles) yotera pa mabwalo ena awiri. Lembani njira yonse ndi makodi ake, nambala ya exercise, ngakhale kuti kunali mphepo ya m'mbali. Ndipo instructor asaine tsiku lomwelo ndi nambala ya laisensi yake. Ma instructor ambiri akungodzazitsa maola, airline ikawaitana amapita, kumusaka munthu ali ku Dubai kuti akusainireni za chaka chatha si masewera. Mu MyFlightbook mukasintha ulendo womwe wasainidwa kale siginecha ija imafa, ndiye werengani kawiri asanasaine.

Ikaninso ma reminder a tsiku lothera medical ndi laisensi ya student. Amene muli ku America, endorsement ya solo, chilolezo chomwe instructor amasaina, imatha pakapita masiku 90, isakudzidzimutseni muli pa apron.

Mwezi ukatha khalani pansi mufananitse zinthu zitatu, apu yanu, fayilo ya sukulu ndi ma invoice. Pakasiyana ngakhale 0.2 pitani ku ofesi mukakonze zikadali zaziwisi. Mukatero tulutsani CSV mudzitumizire pa imelo, ina pa Google Drive, PDF muprinte musaine muike mu fayilo, mafoni ku Joni amabedwa masanasana. Buku la pepala musalitaye poti muli ndi apu, masitampa ndi ma endorsement amalowa mmenemo, ndipo tsamba lililonse lokhala ndi sitampa mulisikane. Mukalakwitsa papepala dulani mzere umodzi musaine pambali, Tippex ayi. Podzasintha laisensi kukhala yakwathu kapena pofunsira ntchito adzafuna maola ogawidwa pa mtundu uliwonse wa ndege, PIC (maola omwe inuyo ndinu wolamulira ndege) payekha, usiku payekha, ndipo apu yodzazidwa bwino imatulutsa zimenezo mukangodina filter.