Momwe mungaikire marimu aakulu pa galimoto yanu

Eni galimoto ambiri mumzinda wa Tete ndi ku Moatize amakonda marimu aakulu chifukwa amakongoletsa galimoto, koma ntchitoyi imayamba ndi kuwerengera musanagwire sipanala. Rimu ikakula, tayala liyenera kuchepa m'mbali kuti gudumu lonse lisasinthe msinkhu, ndipo kusiyana kwake kusapitirire 3 peresenti.

Yambani ndi manambala a pa tayala lakale. Ngati palembedwa 185/65 R15, ndiye kuti tayalalo ndi la mamilimita 185 m'lifupi, khoma lake la m'mbali ndi 65 peresenti ya m'lifupimo, ndipo limalowa pa rimu ya mainchi 15. Gudumu lonse limakwana pafupifupi mamilimita 621, ndipo pa rimu ya mainchi 16 tayala lofanana nalo msinkhu ndi la 195/55 R16. Gudumu likakula mopitirira, sipidomita imaonetsa liwiro lotsika kuposa lenileni, choncho apolisi akhoza kukuimitsani pa msewu wa N7 inu mukukhulupirira kuti muli pa 60.

Kenako yang'anani mabowo a rimu. Corolla zambiri zakale zili ndi mabowo a 4x100, kutanthauza mabowo anayi ozungulira bwalo la mamilimita 100 m'mimba mwake, pamene Hilux ya 4x4 ili ndi a 6x139.7, ndipo rimu yofunika kukulitsa mabowo kuti ilowe isiyeni pomwepo ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo. Nambala yotsatira zilembo za ET, yomwe imadindidwa kumbuyo kwa rimu, isatalikirane kwambiri ndi ya rimu yakale, chifukwa ndi imene imachititsa gudumu kulowa mkati kapena kutulukira kunja. Pa tayala latsopano, nambala ya katundu, yosonyeza kulemera kumene tayala limodzi lingasenze, isatsike poyerekeza ndi ya tayala lakale: 88 ndi makilogalamu 560, pamene 91 ndi makilogalamu 615. Ngati matayala ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, werengani manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT pa khoma la tayala, omwe amasonyeza nthawi imene linapangidwa. 2321 ikutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2021.

Musanalipire, yesani gudumu limodzi kutsogolo. Imitsani galimoto pamalo olimba ndi osatsetsereka, masulani manati pang'ono isanakwezedwe pa jeki, ikani rimuyo, ndipo muonetsetse kuti siikukhudza mabuleki. Mukatsitsa galimotoyo, pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, n'kulowetsa dzanja pakati pa tayala ndi bodi. Bwerezani zimenezi anthu atakhala kumbuyo, chifukwa tayala losagunda bodi pamene galimoto ili yopanda kanthu limatha kukhula mukanyamula matumba a mbatata za kachewere kuchokera ku Tsangano.

Magudumu onse apite pa makina a balansi, olinganiza kulemera kwa gudumu kuti lisamanjenjemere poyenda. Manati mumange modumphadumpha, osati motsatana, ndipo mumalize ndi sipanala yoyeza mphamvu monga likunenera buku la galimotoyo. Kupondera sipanala ndi mwendo kumatambasula mabawuti. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, muwamangenso.

Kwa amene amayenda kawirikawiri m'misewu yadothi ya ku Angónia kapena Macanga, kuwonjezera inchi imodzi n'kokwanira, chifukwa tayala lochepa m'mbali silitchinjiriza rimu mukagunda dzenje, ndipo rimu ya aluminiyamu imasweka pamene yachitsulo ikanangopindika. Mpweya muziuyeza m'mawa matayala asanatenthe, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kwa ku Tete kumapitirira madigiri 40.